Mbumba m'kompyuta: kakonzedwe ka database ya mtDNA

Mwezi wathawu mnyamata wina amene ndikumuyang'anira pa kafukufuku wake anandipeza ndikumwa tiyi, fulashi ili m'manja, akumwetulira ngati wakhoza mayeso a fomu 4. Anatenga malovu kwa anthu a m'mudzi wina chakufupi ndi Luchenza, zotsatira zinabwera kuchokera ku labu, ndipo pafupifupi theka la anthuwo linali ndi mtDNA (DNA imene timatengera kwa mayi yekha) yofanana ndendende. "Aphunzitsi, apatu pali nkhani," anatero. Ine ndinangomufunsa kuti anthuwo amayi awo ndani. Zii. Pa fomu yake panali dzina, zaka, mudzi ndi mtundu basi. Atabwererako pa kabaza kukafunsa, zinadziwika kuti gulu lapadera lija linali ana ndi zidzukulu za agogo aakazi awiri obadwa bere limodzi. Mbumba imodzi anaiwerenga kambirimbiri.

Kuno ku Thyolo ndi Mulanje vuto limeneli silingakuphonyeni. Alhomwe ndi Amang'anja timatsata chikamwini: mwamuna ndiye amasamuka, ana aakazi amamanga pafupi ndi amayi awo. Nayo mtDNA imayenda njira yomweyo. Mayi amapatsira ana ake onse, koma ana aakazi okha ndiwo amaipititsa patsogolo. Malume ndi mphwawo ali ndi mtDNA imodzi, pamene bambo ndi mwana wawo womubereka alibe. Ndiye database imene sidziwa mbumba idzakunamizani pa chiwerengero, ndiponso ikhoza kuulula za anthu amene sanasainire chilichonse.

Kwa amene mwangoyamba kumene: mitochondria ndi tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, ndipo tili ndi DNA yakeyake, mtDNA ija, yozungulira ngati chibangiri, ya zilembo 16,569. M'menemo muli majini 37: opanga mapulotini 13, a tRNA 22, ndi a rRNA awiri. Mawu oti majiniwa muwasiye ku labu. Mukakawatchula pabwalo la amfumu, agogo adzamva za mizimu yoipa. Kumudzi ine ndimati zotengera kwa makolo.

Musanatsegule kompyuta: chilolezo

Pulani ya kafukufuku idutse kaye ku komiti yoona za ufulu wa otenga mbali. Ilipo ya NHSRC ku unduna wa zaumoyo, COMREC ya ku KUHeS ku Blantyre, ndi MUSTREC ya ku MUST konkuno ku Thyolo. Popeza nkhani yake ndi ya chibadwa cha anthu, funsani komiti yanuyo msanga ngati pulaniyo iyenera kukafikanso ku komiti ya dziko lonse. Werenganinso lamulo la Data Protection Act la 2024.

Fomu ya chilolezo inene m'Chichewa chomveka kuti zotsatira zidzasungidwa kuti, kwa zaka zingati, ndani adzaziona, komanso ngati zidzaikidwa pa intaneti. Mafunso amenewa akhale osiyana, lililonse ndi yankho lake, chifukwa munthu akhoza kulola kuyezedwa n'kukana zoti zake zituluke kunja kwa dziko. Mayankhowo adzakhala makolamu mu database. Ndipo yambani mwaonekera kwa amfumu, muli limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Amene tinaliko mu 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa m'maboma ano, sitifunika kukumbutsidwa zimene zingachitike kwa mlendo wofika ndi timabotolo popanda womudziwa.

Gawani matebulo

Chizolowezi cha ambiri ndi kuunjika zonse pa pepala limodzi la Excel, kuyambira dzina mpaka haplogroup (nthambi ya makolo akuchikazi imene mtDNA ya munthu ikugwera). Lekani. Munthu mmodzi akhoza kupereka masampo awiri, sampo imodzi ikhoza kuwerengedwa ndi makina katatu, ndipo kuwerenga kumodzi kumatulutsa zosintha makumimakumi (malo amene zilembo za sampo zasiyana ndi za muyeso woyerekezera). Pa pepala limodzi zimenezi zimabala mizere yobwerezabwereza, ndipo tsiku lina mudzakonza mzere umodzi n'kuiwala unzake.

Ine ndimatsegula matebulo asanu ndi limodzi. Loyamba ndi la mayina enieni, nambala za foni ndi mudzi, lililonse molumikizana ndi nambala yachinsinsi. Limeneli silikhala mu database ayi. Limakhala palokha, lokiyidwa ndi pasiwedi, mapepala ake ali m'kabati ya loko, ndipo olidziwa ndi anthu awiri. Otsalawo ndi la otenga mbali, la masampo, la kuwerenga kwa makina, la zosintha, ndi la haplogroup. Tebulo lililonse likhale ndi kolamu yoloza ku tebulo la pamwamba pake: chosintha chiloze kuwerenga kumene chinachokera, kuwerengako kuloze sampo, sampo iloze munthu.

Nambala yachinsinsi iyambe ndi chilembo, monga W0042, chifukwa Excel ikaona 0042 imadya maziro n'kusiya 42. Musabisemo dzina la mudzi kapena chaka chobadwa. Potolera mayankho kumudzi, KoboToolbox kapena REDCap zimagwira bwino pa foni ngakhale netiweki palibe. Posungira, SQLite ndi yokwana ngati muli nokha pa laputopu, ndipo PostgreSQL ndi ya pamene muli gulu.

Kolamu ya bere

Apa ndipo pagona nkhani. Pa tebulo la otenga mbali onjezani kolamu ya nambala ya bere, monga B017. Onse ochokera mwa mayi mmodzi, kutsata akazi okhaokha mpaka pamene anthu akukumbukira, alandire nambala imodzi.

Dzina lachiwiri silingakuthandizeni, chifukwa ambiri timalembetsa dzina la bambo. Alongo awiri a bambo osiyana ali ndi mayina osiyana koma mtDNA imodzi. Ana a mitala ali ndi dzina limodzi koma mtDNA ziwiri. Mawu oti m'bale wanga nawonso ndi otakata kwambiri. Funso lothandiza ndi lakuti, "Kodi ndinu a bere limodzi?" Kenako mukwere pang'onopang'ono: anakuberekani ndani, iwowo anabadwira kuti, nanga amayi awo.

Tsiku lina chakumunsi kwa Muloza ndinakhala pa mkeka ndi agogo ena akusenda chinangwa. Nditafunsa za amayi awo, anayankha kuti ali kuseri kwa nyumba, akuphika. Ndinadabwa, poti agogowo anali okalamba kale. Mdzukulu wawo ndiye anandimasulira: ophikawo anali amayi awo aang'ono, ocheperako zaka pang'ono chabe. Ndinafunsanso kuti, "Agogo, ndikunena amene anakuyamwitsani." Anasiya mpeni, nati amenewo anamwalira kalekale, ndipo anabadwira kutsidya, cha ku Milange, kwinaku akuloza ku Mozambique ndi chinangwa chili m'manja. Pa mtDNA, mayi wamng'ono wa bere limodzi ndi mayi wobereka n'chimodzimodzi. Koma akanakhala mkazi wachiwiri wa bambo awo, kapena wongowalera, ndikanalemba bodza. N'chifukwa chake pa fomu pakhale makolamu osiyana: kobadwira mwini wake, kobadwira amayi omubereka, kobadwira agogo akuchikazi, ndi chilankhulo cha aliyense mwa atatuwa. Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, choncho mukangolemba Mulanje pa onse mwataya mbiri imene mukuifufuzayo.

Musasiye bokosi lopanda kanthu. Sakudziwa, sanafunsidwe ndi wakana kuyankha ndi mayankho atatu osiyana, lililonse lipatseni chizindikiro chake.

Powerengera kuchuluka kwa haplogroup kapena chosintha china m'dera, tengani munthu mmodzi pa bere lililonse. Enawo musawataye. Ndi othandiza poona ngati labu yagwira bwino ntchito: anthu a bere limodzi akatuluka ndi mtDNA zosiyana kutali, yambani mwakayikira kuti machubu anasinthana. Mukabwereza n'kupeza zomwezo, lembani kuti sizikugwirizana, basi. Musapite nazo kumudzi. Pali ana oleredwa amene sanauzidwepo, ndipo ntchito youlula si yanu.

Sankhani muyeso umodzi

Zosintha za mtDNA zimalembedwa poyerekeza ndi ndondomeko imodzi ya zilembo imene onse anagwirizana. Yoyamba inatuluka mu 1981 ku Cambridge, ku gulu la Fred Sanger. Mu 1999 inawerengedwanso n'kukonzedwa, ndipo ndiyo timaitcha rCRS, nambala yake NC_012920.1. Mukaitsegula mudzapeza chilembo N pa malo a 3107. Musachichotse. Owerenga oyamba anaonjezapo chilembo chimene kunalibe, ndipo okonzawo anasiya N kuti manambala onse a kutsogolo asasunthe.

Msampha waukulu ndi uwu. Ngati labu inagwiritsa ntchito hg19 ya ku UCSC, muyeso wakale wa DNA yonse ya munthu, chrM yake (gawo la mtDNA) si rCRS, ndi ndondomeko ina ya zilembo 16,571, ndipo manambala amasuntha ndi malo amodzi kapena awiri. GRCh38, muyeso umene unabwera pambuyo pake, ndiyo ili ndi rCRS. Tsegulani mutu wa fayilo ya zotsatira yochokera ku labu, ya BAM kapena VCF, muone utali wa chrM: mukaona 16571, bwezani kuti ayalenso. Palinso muyeso wina wa 2012 wotchedwa RSRS. Ndi wabwino pa nkhani za chiyambi cha anthu, koma osausakaniza ndi rCRS pa tebulo limodzi. Dzina la muyeso lilembedwe pa mzere uliwonse wa tebulo la kuwerenga kwa makina.

Kumbukiraninso kuti rCRS inachokera kwa munthu wa ku Ulaya, wa haplogroup H2a2a1. Sampo ya ku Bvumbwe idzasiyana nayo pa malo makumi angapo. Amenewo si matenda, ndi kutalikirana kwa nthambi chabe. Ndaonapo ophunzira akuchita mantha ndi mndandanda wautali, pamene wodabwitsa ukanakhala waufupi.

Kalembedwe ka zosintha

Chosintha chimodzi mudzachipeza chitalembedwa m'njira zitatu: A3243G, 3243G, ndi m.3243A>G. Mu database musasunge chiganizo chotere ngati gwero. Ikani malo mu kolamu yake ngati nambala, chilembo cha muyeso mu kolamu ina, chilembo cha sampo mu inanso. Kalembedwe kalikonse kamene magazini ya sayansi ikufuna kompyuta idzakapanga kuchokera pamenepo.

Zovuta ndi zoonjezera ndi zosowa. Chilembo C choonjezera pambuyo pa malo a 315 ofufuza za mbiri ya anthu amachilemba 315.1C, ndipo kolamu yake ikhale ya mawu, osati ya nambala. Mudzakumananso ndi kusowa kwa zilembo 9 pa malo a 8281 mpaka 8289, kumene kumapezeka kawirikawiri mu nthambi ya L0a2 pakati pa anthu olankhula zinenero za Chibantu. Popeza zilembo za pamenepo n'zobwerezabwereza, mapulogalamu ena amayamba kuwerenga kusowako kumanzere, ena kumanja, ndipo chinthu chimodzi chimaoneka ngati ziwiri. Sankhani mbali imodzi, lembani kuti mwasankha iti, ndipo mafayilo onse adutse pa lamulo limenelo asanalowe.

Kolamu imene ambiri amaiwala ndi ya gawo limene linawerengedwa. Kafukufuku wotsika mtengo amawerenga chigawo chimodzi chokha cha mtDNA, chotchedwa control region, kuyambira 16024 kudutsa polumikizira mpaka 576, kapena kachigawo kake ka HVS-I. Munthu wotereyu akapezeka wopanda chosintha pa 3243, sizitanthauza kuti alibe. Sitinayang'anepo. Popanda kolamu imeneyi, amene adzagwiritse ntchito database yanu adzagawa ndi chiwerengero cholakwika.

Kenako heteroplasmy. Selo limodzi lili ndi makope mazana kapena zikwi a mtDNA, ndipo si nthawi zonse amafanana. Zili ngati thumba la nandolo losakanikirana ndi khobwe: funso si lakuti khobwe alimo kapena ayi, koma alimo wochuluka bwanji, ndipo mwatapa pati. Lembani peresenti ya makope osinthika, kuchuluka kwa maulendo amene makina anawerenga malowo, ndi mtundu wa sampo. Mtundu wa sampowu ndi wofunika zedi: m.3243A>G imachepa m'magazi munthu akamakula, pamene mu mkodzo ndi mu mnofu imakhalabe yambiri. Njira ya Sanger siona bwino zosakanikirana zochepera pa 10 mpaka 20 peresenti, choncho njira yowerengera ilembedwenso. Zosintha za peresenti yotsika kwambiri muzikayikire, chifukwa mu DNA ya mu nucleus muli zidutswa zakale za mtDNA zotchedwa NUMT zimene makina amatha kusokoneza nazo.

Mafayilo oyambirira, a FASTQ, BAM, VCF ndi FASTA, musawalowetse mu database. Asungeni m'mafoda, ndipo tebulo lingonena kumene ali ndi md5 (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe) ya fayilo iliyonse.

Haplogroup

Imeneyi ndi yofulumira. Lowetsani FASTA kapena VCF mu HaploGrep, pulogalamu ya ku Innsbruck, imene imayerekeza ndi mtengo wa PhyloTree. Mtengowo unafika pa Build 17 mu 2016, ndipo mayina a nthambi amasintha mtengo ukasintha, ndiye lembani dzina la haplogroup, mtengo umene mwagwiritsa ntchito, ndi malikisi amene pulogalamu yapereka. Akatsika pa 0.9 ine ndimabwerera ku fayilo. Kuno yembekezerani nthambi za L, monga L0a, L2a, L3e, L3d ndi L1c, mwinanso L0d apo ndi apo. Sampo ikaonetsa zizindikiro za nthambi ziwiri zotalikirana nthawi imodzi, kawirikawiri ndi malovu a anthu awiri mu chubu chimodzi, ndipo Haplocheck imathandiza kugwira zimenezi. Malo osinthasintha kwambiri monga 16519, 309.1C, 315.1C ndi 16193.1C asungeni, koma musamangirepo mfundo.

Chimodzi chokha ndikupempheni: musapange kolamu yosandutsa haplogroup kukhala mtundu wa anthu. Palibe haplogroup ya Chilhomwe kapena ya Chiyao. Nthambi imodzi mudzaipeza ku Chonde, ku Mzimba ndi ku Maputo. Zimene ofufuza anatulutsa mu 2017 pa mafupa akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere zinaonetsa kuti amene ankakhala m'dziko muno zaka zikwi zapitazo anali anthu ena, osiyana ndi ife amene tilipo lero. Aliyense wa ife ndi wobwera, kungosiyana tsiku.

Zokhudza matenda

Tanthauzo la chosintha pa zaumoyo likhale pa tebulo lakelake, lokhala ndi gwero ndi tsiku limene munayang'ana, chifukwa maganizo a akatswiri amasintha. Poyambira ndi nkhokwe za pa intaneti za zosintha: MITOMAP, kenako ClinVar ndi gnomAD. Pa MITOMAP siyanitsani zotsimikizika ndi zimene wina anangozitchulapo kamodzi. Zodziwika bwino ndi monga m.3243A>G, imene imayenda ndi matenda a ubongo ndi minofu otchedwa MELAS komanso shuga wophatikizana ndi kugontha, m.11778G>A, m.3460G>A ndi m.14484T>C za matenda a kusaona otchedwa LHON, m.8344A>G ya matenda a khunyu ndi minofu otchedwa MERRF, ndi m.1555A>G, imene imachititsa munthu kugontha akabayidwa mankhwala a gulu la gentamicin ndi streptomycin. Yomalizayi ndi yoti tiiganizire, poti gentamicin amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa makanda m'zipatala zathu.

Nthambi za mu Africa sizinawerengedwe mokwanira m'nkhokwe zikuluzikuluzi. Chosintha chikasowa pa MITOMAP, musathamangire kuchitcha choyambitsa matenda. Onani kaye ngati chili mwa anthu ena a haplogroup yomweyo amene ali bwinobwino. Ndipo mukapeza chotsimikizika, dziwani kuti nkhaniyo ndi ya bere lonse: achemwali, ana awo, amalume. Njira youzira munthu iyenera kukhala italembedwa kale mu pulani imene komiti inavomereza, ndipo wonena akhale dokotala, atayezanso sampo yatsopano.

Kutumiza kunja ndi kusunga makope

Magazini ambiri a sayansi amafuna kuti ndondomeko za zilembo ziikidwe ku nkhokwe ya pa intaneti ya GenBank, kumene zimagawidwanso ku ENA ndi DDBJ. Potumiza sankhani genetic code ya nambala 2, ya mitochondria a nyama za msana. Mukasiya ya nambala 1, kompyuta idzati majini anu ndi oduka, chifukwa zilembo zitatu za TGA, zimene kwina zimatanthauza poimira, mu mitochondria zimatanthauza tryptophan, chimodzi mwa zomangira mapulotini.

Tumizani za okhawo amene kolamu ya chilolezo ikuti inde. Dzina la mudzi, la mfumu yaikulu ndi nambala ya bere zisatuluke. Lembani Malawi, mwina ndi boma, basi. M'mudzi wa chikamwini, mtDNA yosowa kuphatikiza dzina la mudzi ndi zaka za munthu zikhoza kuloza khomo lenileni, ndi makomo onse oyandikana nalo. Mafayilo oyambirira, ngati ayenera kugawidwa, apite kosungira kumene wofuna amayamba wapempha, monga EGA. Masampo kapena mafayilo asanapite kwa anzanu a kunja, pakhale mgwirizano wolembedwa umene komiti yauona.

Makope akhale atatu: pa kompyuta yogwirira ntchito, pa hard drive yokiyidwa, ndi lachitatu kunja kwa boma lino. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anatiphunzitsa kuti kabati ya ofesi ndi chikwama cha kunyumba zikhoza kunyowa usiku umodzi. Gulaninso UPS, chifukwa magetsi akazima database ili mkati molemba, fayilo imatha kuwonongeka.

Mu foda yaikulu ikanimo fayilo ya mawu wamba yofotokoza kolamu iliyonse, zizindikiro zake, muyeso umene mwatsata, mapulogalamu ndi manambala ake, ndi mbali imene munasankha pa zilembo zosowa zija. Ya ine ndimailemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kuti wotolera mayankho kumudzi aziwerenga zomwezo zimene wa pa kompyuta akuwerenga. Kamodzi pa mwezi tengani hard drive ija, ilumikizeni pa kompyuta ina, mutsegule database, musankhe nambala imodzi mwachisawawa, n'kuilondola kuchokera pa haplogroup mpaka pa chubu chimene chili mu firiji.